Mabokosi Anayi ndi Jekete Langa

Lolemba m'mawa

Sabata ino ndikupita kwathu! Ndikulemba pano kuti ndikadzakalamba ndidzakumbukire tsiku limene nzeru inandifikira ndili pakati potsuka mano.

Lamulungu likubwerali Tamanda akubatizidwa ku Chipata. Mwana wanga woyamba, miyezi khumi, ndipo chibadwire ndamunyamula maulendo atatu okha. Tsiku limene ankabadwa ine ndinali kuno ku Chama ndi lipoti, amene anathamanga ndi amake kuchipatala ndi mng'ono wanga Lameki. Zimenezo zinapita, koma pa ubatizo pokha ayi. Amake Tamanda achapitsa kale jekete langa labuluu, ati lili pa hang'ala kuseri kwa chitseko, likudikira mwini wake.

Chotchinga ndi chomwe chija, lipoti la zokolola. Bungwe lathu la alimi limafuna kudziwa kuti banja lililonse ku Tembwe ndi ku Chikwa lakolola chimanga ndi mpunga wochuluka bwanji, kuti mbewu ya chaka chamawa iyambe kupita kwa amene njovu ndi madzi zawasiya chimanjamanja. Mafomu omaliza amafika Lachisanu, lipoti lizipita Loweruka masana. Basi yanga ndi ya Lachisanu mbandakucha. Ndiye kuti lipoti lituluke ine kulibe.

Ndalowa kwa a Mwale, bwana wathu, kukapempha tchuthi. Sanadzutse ndi mutu womwe. "Manje lipoti azachita ndani? Vinthu vanu vija muvidziwa mweka. Pa Chinayi munionetse munthu wina atulutse lipoti, imwe manja m'thumba. Ikatuluka, yendani."

Akunena zoona, ndipo kunena mosabisa zimandinyaditsa pang'ono. Lipoti limadutsa m'zida zinayi za pakompyuta, chilichonse chinapangidwa ndi munthu wake kutali, chilichonse ndi khalidwe lake, ndipo muno mu ofesi ndine ndekha wodziwa kulankhula nazo pa sikirini yakuda ija. Mwezi ndi mwezi ndimatenga fayilo m'kamwa mwa chida china n'kukaika m'kamwa mwa chinzake, ndi manja anga.

Nzeru ya lero ndi iyi. Kulikulu anatipatsa pulogalamu yolumikizira ntchito, imene palibe anaitsegulapo. Umajambula mabokosi pa sikirini, n'kuwalumikiza ndi mizere, fayilo n'kumayenda yokha bokosi ndi bokosi. Zida zanga zinayi si za m'banja la pulogalamuyo, koma imalola kuzikulunga. Umatenga chida chakunja, kuchitsekera m'bokosi, kulemba pakhomo lolowera chimene chizilowa, pakhomo lotulukira chimene chizituluka, m'kati lamulo lochidzutsa. Wogwiritsa ntchito za m'katimo sizimukhudza. Wopita kuchigayo safunsa dzina la lamba, amathira chimanga n'kutchera thumba.

Mabokosi anga:
1. Chokoka. Chizikoka mafomu amene alangizi amadzaza pa mafoni kumidzi.
2. Chosefa. Chizichotsa mafomu obwerezedwa.
3. Choyeza. Chizisandutsa miyezo yonse kukhala matumba.
4. Cholemba. Chizitulutsa lipoti lokongola, lamitundumitundu.

Batani limodzi! Ndiponso mabokosiwa sakuthera Loweruka. Aliyense angadzawatenge n'kuwalumikiza mwa njira yake, ku Lundazi, ku Petauke, kulikonse. Mwina adzandiitana ku Lusaka kuti ndikafotokoze. Jekete lilipo kale.

Lolemba masana

Chokoka chatheka pa maola awiri okha. Kanyali kobiriwira kayaka pangodya pa bokosi, ine ndaimirira n'kudziombera m'manja.

Kuomba kwangako kwadzutsa a NyaGoma. Amenewa ndi amayi a ku Tembwe, akhala mu ofesi ino kuyambira ine ndisanamalize sukulu. Mwezi uliwonse amatsegula mafomu a alangizi pa kompyuta yawo yakale, n'kukhala nawo kwa kanthawi ndi chibuku chawo chachikuto cholimba, chomanga ndi mphira ya chubu cha njinga. Akatha amandipatsa fulashi, kachipangizo kosungira mafayilo, ine n'kuyamba ntchito yeniyeni. Chimene amachita ndi chibukucho sindinafunsepo. Ndimangoti ndi anthu akale, popanda pepala mtima sukhala pansi.

"Ba Data, fulashi niibwelese liti mwezi uno?"

Ba Data ndine, dzina limene anandipatsa chifukwa cha ntchito yanga ya pakompyuta. Ndawauza mwaulemu wonse kuti fulashi yapuma pantchito. Chokoka chizitenga mafomu molunjika, iwo ntchito yawo kudina batani basi. Andiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Oho," atero. Ndikudziwa kuti asangalala, koma akuluakulu sasonyeza.

Lachiwiri

Chosefa ndachikulunga tiyi asanazizire. Ndadina. Kagudumu kayamba kuzungulira pa sikirini, kutanthauza kuti ntchito ili m'kati.

Ola limodzi, kakuzungulira. Ndati chida ichi n'chosamala.

Maola atatu, kakuzungulira. Ndati mafomu ndi ambiri.

Zimene ndachita podikira:
kudya zitumbuwa zitatu,
kupolisha nsapato za ulendo,
kulemba mawu othokoza amene ndikalankhule kunyumba tikachoka kutchalitchi (masamba awiri, pali malo awiri pamene anthu akaseke),
kufotokozera woyendetsa galimoto ya ofesi za mabokosi mpaka wakumbukira kuti anasiya mpopi wotsegula.

Dzuwa litapendeka ndatsegula kabuku kamene bokosi limalembamo zochitika m'kati mwake. Mzere womaliza ndi wa nayini koloko m'mawa. Chida chikufunsa ngati chichotsedi mafomu obwerezawo, inde kapena ayi. Chakhala chili chilili tsiku lonse mumdima wa bokosi, chikudikira yankho, popanda munthu wochimva! Zaka ziwiri ndakhala ndikudina inde ameneyo mwezi uliwonse, chala chokha osati mutu, moti sindinkadziwa n'komwe kuti pali funso. Ndachimvera chisoni chidacho. Ndawonjezera kachilamulo koti chizingoyankhidwa inde pa chilichonse chisanafunse. Mabanja ambiri akuyenda choncho ndipo ali bwinobwino.

Chobiriwira! Awiri atha, awiri atsala.

Amake Tamanda aimba pamene ndimatseka zenera. Ati abusa akufuna makolo onse awiri Loweruka masana, akaphunzire mayankho a pa ubatizo. Ndati ine Lachisanu madzulo ndili pakhomo, awiritse madzi osamba. "Mukaona kuti zavuta munene msanga, atate ake Tamanda. Lameki alipo." Mawu amenewa sanandisangalatse. Lameki alipo, nanga ine ndapita kuti?

Lachitatu m'mawa

Lero ndi Choyeza. Chida ichi anachilemba mkulu amene anali pa mpando uno ine ndisanabwere. Anasamutsidwa osasiya kalata kapena malangizo, pamwamba pa fayilo analembapo mawu amodzi okha, akuti osakhudza.

Ndakhudza. Chakana kudzuka m'bokosi. Pa laputopu yanga chimathamanga chifukwa muli zinthu zakale zimene chinazolowera, koma bokosi ndi nyumba yatsopano yopanda kanthu, ndipo chidachi sichilowa m'nyumba popanda katundu wake yense. Chikufuna mtundu wakale wa pulogalamu imene chinalembedwera, osati watsopano, wakale weniweniwo. Umenewo ndiutsitse pa intaneti. Netiweki ya mu ofesi yandiyang'ana, ine ndaiyang'ana.

Ndikunyamula laputopu kupita kumsika, kufupi ndi nsanja ya mafoni.

Lachitatu masana

Ndili pakhonde la sitolo, laputopu pamiyendo, mzere wotsitsa ukukwawa. Kawiri wafika pafupi kutha, kawiri wabwerera poyambira. Sindikudandaula. Anthu onse otchuka anayambira pakhonde la winawake.

Ndadzutsa mutu, anthu asanu ndi awiri aima pamzere kutsogolo kwanga, ziphaso m'manja. Palibe anawaitana. Kuno munthu wa malaya oyera akakhala pansi ndi laputopu, ndiye kuti kukulembedwa mayina a olandira thandizo. Ndafotokoza kuti sindikulemba aliyense, ndikungotsitsa katundu wa bokosi. "Katunduyo ifika liti?" afunsa abambo a kutsogolo. Mzere wakula. Amayi ena asiya mwala wosungira malo, ati akukaona mwana abwerako. Pamene ndimachoka ndinachita kulonjeza kuti akamalemba zenizeni ndidzawauza, ndipo mwala uja ndausiya pomwepo.

Koma zatsika zonse! Choyeza chadzuka m'bokosi mwake ngati sichinakanepo.

Pobwerera ndakumana ndi a NyaGoma pakhomo la ofesi. "Ba Data, nifuna tikambeko pa nkhani ya nkhokwe." Ndawatsimikizira kuti Choyeza nkhokwe chimazidziwa. Ndaona ndi maso anga m'kati mwake, mkulu uja analemba kuti nkhokwe imodzi ndi matumba khumi, tini ndi yakuti, dengu ndi lakuti, zonse mwadongosolo. "Oho," atero, n'kubwerera ku chibuku chawo.

Cholemba sichinavute, theka la ola. Ndalumikiza mabokosi onse anayi ndi mizere yowongoka bwino, ndayesa ndi mafomu asanu amene ndapeka ndekha, mabanja asanu, onse a Banda, onse akolola m'matumba. Chobiriwira, chobiriwira, chobiriwira, chobiriwira! Ndajambula sikirini n'kutumizira amake Tamanda. Ayankha ndi chithunzi cha jekete.

Lachinayi

Tsiku la chionetsero. Ndavala malaya a mizere. A Mwale aima kumbuyo kwa mpando, a NyaGoma akhala pa kompyuta yawo, ine pambali, manja m'thumba monga mwa pangano.

A NyaGoma adina. Bokosi loyamba lafiira.

"Ikamba kuti siipeza foda ya Tamanda wanga," awerenga mokweza. A Mwale afunsa kuti Tamanda ndi mlangizi wa kuti. Ndafotokoza kuti ndi dzina chabe la foda ya pa laputopu yanga, mmene ndimasungamo mafayilo, ndipo ndinalilemba m'kati mwa bokosi osaganiza kuti bokosilo lidzapita pa kompyuta ya wina. Bokosi loti likagwire ntchito dziko lonse, koma likudziwa nyumba imodzi yokha. Ndatulutsa dzanja m'thumba kuti ndikonze. "Dzanja limodzi ilo," atero a Mwale.

Kachiwiri. Chobiriwira, chobiriwira, chobiriwira, chobiriwira! Mtima wanga unali utakwera kale basi. Lipoti latseguka. Mutu wake ndi wokongola, chizindikiro cha bungwe pakona, mizere yamitundu, malo osainira a Mwale. M'kati mulibe ndi banja limodzi lomwe.

Choyeza chikutulutsa fayilo ndi dzina lina, Cholemba chikudikira dzina lina. Pa laputopu yanga panali fayilo yakale ya dzina loyeneralo, ndiye dzulo zinaoneka ngati zikuyenda. Koma chimene chandipweteka ndi ulemu wa Cholemba. Sichinapeze kanthu, sichinadandaule, changosindikiza masamba oyera n'kuyatsa kanyali kobiriwira koti zonse zili bwino. Ndikudziwa anthu angapo amene amagwira ntchito motero.

"Manja onse awili manje," atero a Mwale. "Basi ya mailo iwalani. Mafomu yeniyeni yakafika tiyesenso. Ikatuluka, muyende pa Chiwelu."

Si zoipa kwenikweni! Chiwelu ndi Loweruka, ndipo basi ya tsikulo imafika ku Chipata madzulo, ubatizo ndi Lamulungu m'mawa. Ndangotaya phunziro la abusa lokha. Ndakonza mayina a mafayilo, ndaphunzitsa Cholemba kukuwa chikapatsidwa mbale yopanda kanthu, ndayesa pa kompyuta ya a NyaGoma katatu. Chikuyenda ngati madzi.

Ndaimbira amake Tamanda. Iwo ati, "Ndiye ku phunziro apite Lameki, adzakuuzani mayankho mukafika." Ndavomera, koma ndanenetsa kuti ku phunziro kokha.

Lachisanu m'mawa

Basi yaliza hutala mbandakucha, ine ndili pabedi. Ndaifunira ulendo wabwino. Mawa ndi ine.

Mafomu omaliza a ku Chikwa alowa isanakwane leveni. A Mwale aitanidwa, a NyaGoma akhala pampando, ine manja m'thumba mpaka m'zigongono. Adina kamodzi.

Anayi onse obiriwira. Lipoti latseguka lodzaza, masamba ndi masamba, mayina, midzi, matumba, mndandanda wa oyamba kulandira mbewu. Latuluka ine osakhudza kanthu! A Mwale andigwira chanza, ati ndine mwamuna. Ndavina pang'ono kuseri kwa kabati.

Lachisanu masana

Kuvina kwatha.

A NyaGoma anayamba kuwerenga lipoti ndi chala, mzere ndi mzere. Pa tsamba lachiwiri avula magalasi, aika mutu patebulo, mapewa akugwedezeka. Ndimayesa akulira ndi chisangalalo. Amaseka.

Malinga ndi mabokosi anga, mmodzi wa alimi olemera ku Tembwe ndi a NyaLungu, amayi amasiye amene njovu zinawadyera munda mpaka mapesi. Pa fomu pawo palembedwa nkhokwe zitatu, Choyeza chawapatsa matumba makumi atatu. A NyaGoma ati nkhokwe zitatuzo ndi timadengu tomata ndi dothi, tokhala pakhonde, kalikonse kosaposa diramu ya madzi. Ndipo pa mndandanda wa ovutika, kutsogolo kwenikweni, pali a Zimba, amene analembetsa nkhokwe imodzi yokha. Nkhokwe ya a Zimba amakwera ndi makwerero. Ati banja lonse lingagonemo mvula ikawadontha.

Lipoti limeneli likapita, mbewu ikupita kwa a Zimba, a NyaLungu osaona ndi njere yomwe.

Pamenepo ndi pamene ndafunsa, patatha zaka ziwiri, kuti m'chibukumo muli chiyani. Amasula mphira. Banja lililonse lili ndi tsamba lake. Kukula kwa nkhokwe monga anaionera ndi maso awo, ngati chimanga ndi chotong'ola kapena cha pachitsononkho, ngati mpunga ndi wokonola kapena wa mankhusu. Amene amatchula theka lokha kuopa achibale opempha. Amene akazi ake awiri amalembetsa nkhokwe imodzimodzi, aliyense payekha. Mwezi uliwonse a NyaGoma amasandutsa zonsezo kukhala matumba asanandipatse fulashi.

Ndiye kuti Choyeza chibwerere ine sichinayezepo kanthu. Chimalandira matumba n'kutulutsa matumba. Lachitatu lonse ndinapsa ndi dzuwa pakhonde la sitolo, ndinanamiza anthu pamzere, chifukwa cha chida chimene chakhala pa tchuthi zaka ziwiri, tchuthi chimene ine ndikuchipempha ndi misozi.

Koma nzeru ina yafika pomwepo, ndipo ndi yaikulu kuposa ya Lolemba. Bokosi lachisanu! Ndikulunge chibukucho. Ndilembe malamulo ake onse, banja ndi banja, ndichiike pakati pa Chosefa ndi Cholemba, Choyeza chipite kukapuma kwenikweni. Limeneli ndiye adzandiitanira ku Lusaka.

Ndabwereka buku. A NyaGoma akupita ku Tembwe masana ano kukaona mlamu wawo wodwala. Aima pakhomo, chikwama m'khwapa. "Ba Data, ngati mufuna, ine ningathe..." Ndawadula mwaulemu kuti asavutike, pofika madzulo ndikhala nditatha. "Oho."

A Mwale nawo ati, "Mwakamba mweka. Musilize, ndiye muyende."

Lachisanu, dzuwa likulowa

Bukuli theka ndi Chisenga, chiyankhulo cha ku Tembwe, ndikungotola apa ndi apo. Zina mwa zimene ndamva:

"Nkhokwe yatsopano, koma pansi anayala maungu."
"Akanena zisanu mkazi wamkulu ali pomwepo, ndi zitatu."
"Chaka cha maliro musawerengere, anadyetsa anthu."
"Uyu funsani mlongo wake."

Bokosi limafuna khomo lolowera, khomo lotulukira ndi lamulo. Nanga funsani mlongo wake ndimulowetse pakhomo liti? Mlongoyo ndani, ali kuti, ali ndi foni?

Ndatha mabanja khumi ndi limodzi. Buku ndi lonenepa ngati njerwa ziwiri. Magetsi azima, laputopu yatsala ndi mpweya pang'ono, ndatseka. Chikwama cha ulendo chili chomanga kale pakhomo la chipinda changa, ndipo muli kadiresi koyera kamene ndinagulira Tamanda kumsika.

Loweruka mbandakucha

Ndavala, ndamanga nsapato zopolisha zija, ndakhala pabedi chikwama pamiyendo. Ndikhoza kupita. Lipoti lobiriwira lilipo, a Mwale angalitumize, ndipo kulikulu palibe amadziwa kutalika kwa nkhokwe ya a Zimba. Koma ine tsopano ndikudziwa, ndipo timadengu titatu ta a NyaLungu tandikhala m'maso chidzukire.

Hutala yalira kamodzi. Yalira kachiwiri. Injini yamveka ikutsika mpaka yazimirira.

Ndavula nsapato za ulendo, ndavala za ku ofesi.

Loweruka masana

Ndinali pa banja la khumi ndi chisanu pamene a NyaGoma amatsamiritsa njinga pakhoma, kathumba ka mpunga pa kaliyala. Andiyang'ana, ayang'ana chikwama changa pakona. Atenga buku lawo, akhala pa kompyuta yawo, apempha tiyi.

Maola awiri. Kawiri anaimba foni n'kulankhula Chisenga mofulumira, ndikuganiza kuti ndi alongo aja. Kenako anditambasulira fulashi, yomwe ija ndinaipumitsa pantchito Lolemba. Ndaipatsa Cholemba molunjika, mabokosi atatu enawo akungoonerera. Lipoti latuluka, a NyaLungu ali pamwamba pa mndandanda wa mbewu, a Zimba ali kumene ayenera kukhala. Latumizidwa nthawi isanakwane.

Akumanga buku ndi mphira, a NyaGoma afunsa kuti chikwamacho ndi cha kuti. Ndawauza za Tamanda, za ubatizo, za jekete. Aleka kumanga.

"Tamanda wa pa foda uja ni mwana wanu? Imwe ba Data, imwe. Mukalibe kubwela imwe na makompyuta yanu, lipoti iyi nenze kuichita neka, pa pepala, zaka na zaka. Mukanakamba chabe pa Mande kuti ni ubatizo wa mwana, nikanakuuzani kuti yendani, nizachita."

Sabata yonse ndafotokozera za mabokosi woyendetsa galimoto, anthu a pamzere, ngakhale wogulitsa zitumbuwa. Amayi okhala mapazi asanu kuchokera pa tebulo langa sindinawauze kuti ndili ndi mwana wobatizidwa. Anayesa kundiyankhula katatu, katatu konse ndinawatseka pakamwa mwaulemu.

A Mwale, posaina, athira mchere pabala. "Ine n'nati munthu wina atulutse lipoti. Va mabokosi mwabwela navo mweka."

Sindinataye mtima! Ndathamangira kumsika ndi chikwama. Pali lole ikupakira mpunga wopita ku Lundazi, ndipo ku Lundazi galimoto za ku Chipata sizisowa. Dalaivala ati, "Kwelani bwana, tinyamuka manje manje." Ndakwera pamwamba pa matumba. Ndawerengera maola, zikutheka, ndikafika anthu akulowa m'tchalitchi koma ndikafika.

Wani koloko, manje manje. Fili koloko, manje manje. Itakwana faifi dalaivala wabwera akutokosa m'mano, ati akudikira matumba ena ochokera ku Chikwa, ndipo mwini matumbawo watumiza uthenga kuti afika Mande. Ndatsika. Thalauza yonse ndi mankhusu.

Ndaimbira amake Tamanda. Sanakalipe, ndipo kusakalipako ndi kumene kwandilasa. "Ndinadziwa Lachinayi," atero. "Gonani bwino, zonse zakonzeka."

Lamulungu

Ndapita kutchalitchi cha kuno, ndakhala kumbuyo, foni m'thumba la malaya. Nyimbo sindinazimve.

Uthenga wa amake Tamanda wafika ndikutuluka. "Zayenda bwino. Abusa atafunsa atate a mwana, Lameki anaimirira. Nanga si atate ake aang'ono? Mayankho anawadziwa onse, sanaphonye ndi limodzi lomwe. Analibe jekete, ndiye ndinamupatsa lanu, linali lochapa kale."

Pansi pake chithunzi. Tamanda tsitsi lonyowa, kukamwa kwayasama, mano awiri amene ine sindinawaonepo. Kadzanja kake kagwira kolala ya jekete langa mwamphamvu, ndipo m'jeketemo muli Lameki.

Ndakhala pa benchi ya pansi pa mtengo nthawi yaitali. Amake Tamanda andiposa pa ntchito yanga yomwe. Pakhomo lolowera panafunika bambo wa m'banja, wodziwa mayankho, wovala bwino. Pakhomo lotulukira patuluka mwana wobatizidwa. Za m'kati palibe anatsegula kuti aone, ndipo zayenda ulendo woyamba, popanda chofiira. Ine sabata yonse ndimafuna kuti ofesi iziyenda ine kulibe, koma kumene zathekadi ndi kunyumba kwanga. Zandiwawa, sindibisa. Kadiresi koyera kakadali m'chikwama, ndipo pofika ulendo wina kadzakhala katachepa.

Za mawa:
kupempha a NyaGoma, ndi pakamwa, kuti mwezi wamawa andigwirire lipoti,
kupita nawo ku Tembwe ndikaone nkhokwe ya a Zimba ndi maso anga,
kufufuta mawu othokoza aja, kapena kuwatumiza kwa Lameki,
Choyeza osakhudza.

A NyaGoma atumiza mbale ya mpunga ndi nkhuku, ati tsiku la ubatizo atate a mwana sadya zitumbuwa. Ndadya ndikuyang'ana chithunzi. Ndachikulitsa, ndachichepetsa, ndachikulitsanso, kufuna polakwika, mwina manja atalika, mwina mapewa agwa. Palibe. Jekete lamukhala bwino kuposa ine.